Wodzapala moto sanyamula chikuni

Ku mapiri a Dedza, chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mphepo ya June n'kuyamba kuluma makutu, mwini munda amalandira alendo amene sadawaitane. Ena ndi anyamata a timakasu ndi agalu, akufuna kukumba mbewa m'mapesi. Ena ndi abambo a mbedza, aona kuti kudimba kwanu mudakumba damu la nsomba. Wina wamva kuti m'kankhalango kanu ka kuphiri mumagona gwape, ndiye wabwera ndi mawaya m'thumba. Aulemu amayamba aodira pakhomo. Enawo mumangowadziwira utsi.

Kodi muwalole? Mayankho ofulumira alipo awiri. Lina ndi la munthu wa pepala: malo ndi anga, wopondapo aona zakuda. Lina ndi la wopempha: nyama ndi za Chauta, mbewa simudaziwete, mukutikanizanji? Aliyense mwa awiriwa ali ndi pake pamene akulondola, n'chifukwa chake milandu yotere imakhalitsa anthu pabwalo la nyakwawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndimaona kuti nkhaniyi imamveka msanga tikaiyika pambali pa mwambo umene aliyense wokulira kumudzi amaudziwa, wa kupala moto.

Machesi asanafike m'golosale iliyonse, ndipo m'midzi yambiri mpaka lero, moto ukazima m'nyumba mayi amatuma mwana kwa anansi. Mwanayo amatenga phale n'kukaima pakhomo: "Odi agogo, amayi akuti ndidzapaleko moto." Palibe gogo amene amakana. Womana moto amatchuka mudzi wonse, ndipo tsiku limene kwawo kwagwa zovuta anthu amakumbukira. Chifukwa chake n'chapafupi: moto suchepa ukapalidwa. Mwana achoka ndi makala awiri, mphika wa agogo upitiriza kuwira.

Komabe mwambowu uli ndi malamulo ake, ngakhale palibe adawalemba. Wopala moto amaodira, salowera kuseri. Amatenga khala, sanyamula chikuni chimene chagwiriza moto wonse. Amaunyamulira pa phale, sayatsa muuni wa udzu n'kumadutsa nawo lawilawi m'munsi mwa tsindwi la eni ake. Ndipo amapempha kwa mwini khitchini, osati kwa mlendo amene wamupeza akuwotha. Mafunso a mwini malo ndi omwewa. Chimene munthuyu akupempha ndi khala kapena chikuni? Achinyamula bwanji? Nanga inu amene mukufunsidwanu, motowo ndi wanu?

Tiyambe ndi mbewa, poti ndizo zimabweretsa mapempho ambiri. Mbewa ndi khala lenileni. Kapuku amakhala ndi bere milungu itatu yokha n'kuswa ana khumi kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo anawo sachedwa kuyamba kuswa awo. Anyamata atadzaza mipani ndi mbewa za m'munda mwanu, chaka chamawa mudzazipezabe zikufukula mbewu mutangodzala. Mlimi sataya kanthu, amapepukidwa. Ndiye kumana ana a mnansi ndiwo imene ikukudyerani chimanga ndi kuuma mtima kopanda phindu, makamaka kuno kumene m'mabanja ambiri nyama ya ng'ombe imaoneka pa Khirisimasi. Amene adayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu adawaona anyamata akukweza mipani m'mwamba galimoto ikamadutsa. Kwa ena mbewa ndiyo ndalama ya makope ndi sopo.

Pamene pamavuta ndi pa kasakidwe. Njira yachidule yopezera mauna ndi kutentha tchire kuti pansi paoneke. Mu August ndi September udzu uli gwaa, mphepo ikukuntha, moto woyatsidwa pa tsala limodzi sufunsa malire. Umadya mapesi amene alangizi adakuuzani kuti muphimbire nthaka, umalowa m'bulugamu, umakwera phiri. Paini amafuna zaka 20 kapena kuposa kuti afike pocheka matabwa, koma moto umamumaliza masana amodzi. Kukumba nakonso kuli ndi zake. Pa malo otsetsereka ngati a ku Bembeke, una wokumbidwa pa mzere wa akalozera kapena m'mizu ya vetiva n'kusiyidwa pululu ndi pamene madzi a mvula yoyamba amalowera. Pofika January mlimi amapeza chigwembe pamene adasiya mzere, feteleza wa ngongole atapita kudambo.

Choncho pa mbewa yankho langa ndi inde: mukatha kukolola, popanda machesi, ndipo dzenje lililonse likwiriridwe. Maliwa, misampha ing'onoing'ono ndi ndowa ya madzi yokwirira pansi zilibe chovuta. Pokana moto musaganize kuti mukudzipangira lamulo lanulanu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 limaletsa kuyatsa moto pofuna kusaka, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, limene adalikhwimitsa mu 2020, limalanga woyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa. Mnyamata amene mwamulola kuyatsa m'tsala lanu, moto wake n'kukalowa m'nkhalango ya Chongoni, akadzapanikizidwa adzatchula dzina lanu.

Makolo adaliona kale vutoli. Nthano ya Achewa ya chiyambi cha dziko imati pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumadzulo kwathu kuno, anthu ndi nyama adakhalira limodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zidabalalika ndi mkwiyo, mbuzi ndi galu n'kuthawira kwa munthu, Chauta n'kuchoka pakati pawo. Anthu amene adaika moto wa tchire pa gwero penipeni pa mavuto a dziko ayenera kuti adali atauona ukuchita zake.

Nsomba za m'damu ndi nkhani ina. Damu la kudimba silidagwe kumwamba. Munthu adalikumba ndi khasu ndi fosholo, adagula mbewu ya makumba kapena chilunguni, amathiramo manyowa kuti madzi abiriwire, amaponyamo gaga amene akadapatsa nkhumba, amalimbana ndi katumbu ndi ng'azi. Ndipo kumtunda kuno nsomba zimakula mozengereza. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo madzi akazizira mu June ndi July nsomba za mtundu wa chambo zimachepetsa kudya, kukula n'kuima. Zimene mlimi wa ku Salima amakolola msanga, wa ku Dedza amaziyembekezera. Nsomba iliyonse yotuluka ndi mbedza ya munthu wina yachoka pa chiwerengero chimene mwini adalipira. Ichi ndiye chikuni.

Eni madamu ambiri amazidziwa zimenezi, chimawagwetsa ndi manyazi. Abwera achimwene a akazi anu: "Alamu, ndingoponyako kamodzi, ana alaweko lero." Mawa abwera ndi mnzawo. Mkuja mnzawoyo abwera yekha, akuti mudamulola. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kukana kuli ndi njira yake yosadula chibale: "Alamu, m'damumu simulowa mbedza, ngakhale yanga. Tsiku lokolola ndidzakuitanani." Ndipo tsikulo muwaitanedi. Amene akoka nawo ukonde apite ndi ndiwo, otsalawo agule. Ngati mukufuna kuti anthu aziwedza okha, ikani tsiku lodziwika ndi mtengo pa kilo, sikelo ikhale pompo. Kulipiritsa nsomba zoweta palibe angakutcheni waumbombo, pamene kulipiritsa mbewa kungakhale kudzichotsa ulemu. Pali chinanso chimene eni madamu sachiganizira mpaka chitachitika: akulu akazolowera kubwera, ana amatsatira, ndipo madzi ofika m'chiuno mwa bambo amamiza mwana wa zaka zinayi.

Mtsinje wodutsa m'malo anu musauyese damu. Linthipe ndi Diamphwe amadutsa m'minda ya anthu osawerengeka, madzi ake n'kukathira m'nyanja ku Salima, ndipo palibe mwini dimba amene adadyetsapo matemba kapena milamba ya mmenemo. Lamulo la zamadzi la 2013 limaika madzi a m'mitsinje m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Chanu ndi kabichi, tomato, mpanda ndi nthaka ya m'mbalimo. Msodzi muli ndi mphamvu yomulozera podzera kuti asakupondereni mbewu, ndi yomuletsa kudula mitengo ya m'mphepete, koma kumupirikitsa pa mtsinje ngati wakuberani m'nkhokwe n'kupyola muyeso. Zokaniratu ndi katupe, mankhwala opopera mbewu ndi neti ya udzudzu. Neti imakokolola ndi tiana tomwe. Poizoni amapha chilichonse cha m'madzimo, kenako n'kutsikira kwa amayi amene akutunga kumunsi. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulika. Kumunsi kwa Linthipe yemweyu ndi kumene mpasa zimakwera kuchokera m'nyanja kudzaswana, moti zochitika kumtunda kuno zimakamveka kumeneko.

Tikafika pa nyama za miyendo inayi zoposa mbewa, funso lachitatu lija ndilo limalamula: motowo ndi wanu? Apa ndi pamene anthu a mapepala amaphonya kwambiri. Kukhala ndi lizi ya malo sikukupatsani nyama yotetezedwa imene yapondapo. Wosaka nyama zotere amafunika chiphaso cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mawu anu a pakamwa salowa m'malo mwa chiphasocho. Ngakhale gwape ndi mbawala, zimene ambiri amaziyesa ndiwo wamba, lamulo limazisakitsa ndi chiphaso. Kuyambira 2017, pamene lamuloli lidakonzedwanso, milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka imatha kumukhalitsa munthu kundende mpaka zaka 30. Ngaka ndiyo yagwetsa anthu wamba ambiri: munthu waitola m'munda, wina wamunong'oneza kuti ili ndi msika, mapeto ake ali m'khoti. Mwini malo amene wauza mlenje kuti "lowani, za mmenemo zonse ndi zanu" wapala moto kudambwe.

Abale athu obwera ku Joni amene adagwirapo ntchito m'mafamu a nyama nthawi zina amatisokoneza pamenepa. Ku South Africa lamulo la 1991 lidati amene watchinga famu yake ndi mpanda wokwanira ndiye mwini nyama za mkatimo, moti amagulitsa mwayi wosaka monga mmene amagulitsira ng'ombe. Ku Zimbabwe lamulo la 1975 lidapatsa eni mafamu mphamvu pa nyama za pamalo awo, ndipo pulogalamu ya CAMPFIRE ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 idayesa kufikitsa phindu lomwelo kumidzi. Koma kumeneko tikunena mafamu a mahekitala masauzande. Kankhalango ka maekala awiri ka ku Lobi sikasunga gwape, amangodutsamo. Boma la Dedza lazingidwa ndi nkhalango zotetezedwa: Chongoni, phiri la Dedza lenilenilo, Mua-Livulezi, ndi Dedza-Salima kumene njovu zimayenda mpaka ku Thuma, bungwe la Wildlife Action Group likuthandiza kulondera. Mlenje amene wapempha kusaka m'malo anu ogundana ndi nkhalango zimenezi, kawirikawiri chimene akupempha ndi njira.

Khwekhwe la waya ndiye musalilole ngakhale atapempha amalume anu. Silisankha: ligwira gwape, ligwira mbuzi ya mnansi, ligwira galu, ligwira mwendo wa mwana wotola nkhuni, ndipo wolitchera akaiwala pamene adaliika limakhalabe likudikira miyezi. Mfuti nayo ayi, m'dziko limene kuseri kwa chitsamba chilichonse kuli munthu akulima. Nguluwe kapena anyani zikamakutherani kachewere, ndipo inuyo ndi amene mukufuna mlenje, yambani mwauza afumu ndi a zanyama musanaitane munthu wa agalu khumi amene adzakusiyirani mlandu wa nkhuku za mudzi wonse.

Funso lomweli lili ndi mbali ya pakhomo. Malo ambiri ku Dedza ndi a makolo, ndipo m'midzi ya Achewa munda umayenda ndi mbumba. Mkamwini amalima, amakolola, koma akalola anzake a kumowa kukatchera m'tsala la apongozi osafunsa mkazi wake ndi mwinimbumba, mlandu ukadzuka adzamufunsa ngati malowo adabwera nawo kuchokera kwawo. Wochita lendi munda chaka chimodzi nayenso adalipira kulima basi, sadagule chulu, mitengo ndi dziwe. Malamulo a malo a 2016, amene adayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, adatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo ake a makolo n'kulandira satifiketi, kudzera m'komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupu, ndi anthu ena 6 osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Pepalali ndi labwino, limachepetsa mikangano ya malire. Koma dambo lodyetsera ziweto ndi nkhalango ya mudzi sizikhala za munthu mmodzi, ndipo amene munda wake wagundana nazo sangaloleze kapena kuletsa payekha. Za kumanda sitinena n'komwe. Kuno kwa eni Gule ngakhale mwana wa legeni amadziwa pobwerera.

Tinene chilungamo, chikwangwani choletsa kulowa chili ndi mbiri yowawa m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston adapereka kwa azungu mapepala otchedwa Certificates of Claim, malo aakulu a ku Shire Highlands n'kusanduka a anthu ochepa, eni dziko n'kumalipira pokhala ndi thangata. Mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915 udaphulikira pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Lamulo la nyama la 1926 lidapanikiza njira zosakira za makolo, misampha, mbuna, maukonde ndi uzimba, pamene mzungu wa mfuti ankagula chiphaso n'kumapha, ndipo ngakhale amishoni ena adalitsutsa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya adameza malo ambiri a makolo m'chigawo chapakati. Ndiye munthu wa kutawuni akagula phiri lero, n'kulizinga ndi waya, n'kuika mlonda pa njira imene agogo a anthu ankadzera pokazula bowa, asadabwe m'mudzimo akamamuona ndi diso lakale lomwelo. Kusaka m'mapiri ano kudayamba pepala lisanabwere. Zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO idawazindikira mu 2006, adazisiya Akafula, anthu amene ankakhalira uta ndi kutola za m'tchire.

Koma wopempha nayenso asanamizire makolo. Kale sikudali kolowa paliponse. Uzimba unkaitanidwa, udali ndi mtsogoleri, nyengo yake ndi miyambo yake. Nyama inkakhala ya amene wayamba kuilasa, mfumu inkalandira gawo lake, ndipo njovu ikagwa, mnyanga wokhudza pansi unkapita kwa mwini dziko. Chulu cha ngumbi mpaka lero chili ndi mwini wake, ndipo wokatchera pa chulu cha mnzake ndi wakuba, ngakhale ngumbizo palibe adaziweta. Chitsanzo chamoyo chili pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira umatseka usodzi miyezi ya mvula, December mpaka April, n'kudzatsegula ndi mwambo. Asodzi ochokera kutali amaloledwa, koma pa malamulo a eni malo, ndipo wophwanya amathamangitsidwa pachilumbapo. Akatswiri a zausodzi amapita kumeneko kukaphunzira zimene mudzi udazidziwa wokha.

Chimene chasintha kwambiri ndi kuchuluka kwa opempha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 830,000 m'boma la Dedza lokha, pamene mu 1966 dziko lonse lidali ndi anthu 4 miliyoni. Khala limodzi silizimitsa moto, koma ana makumi atatu akabwera ndi mapale m'mawa umodzi, pamafuwa patsala phulusa. Nkhwali, nkhanga ndi akalulu masiku a agogo zidali makala. M'madera ambiri lero zasanduka chikuni, ndipo palibe buku la boma limene lingakuuzeni za malo anu kuposa makutu anu. Ngati nkhwali zidasiya kulira m'tsala lanu mbandakucha, tsekani zaka zingapo, ndipo muwauze anthu chifukwa chake. Munthu amamva msanga "tidikire ziswane" kusiyana ndi "ndi zanga".

Nanga bwanji osangokana zonse, mtima ukhale m'malo? Chifukwa mlonda mmodzi salondera phiri. Moto ukabuka m'paini mwanu usiku, ozimitsa sachokera ku Lilongwe. Ndi anthu a m'mudzi womwewo, nthambi zaziwisi m'manja, ndipo liwiro lawo limalingana ndi mmene mwakhalira nawo. Ogwira ntchito m'nkhalango amadziwa kuti si moto wonse umayaka mwangozi, wina umayatsidwa ndi munthu wokhumudwa. Mnyamata amene mwamulola kukumba mbewa ndi mayi amene amazula bowa mosabisala ndiwo adzakutsineni khutu za amene akudula mitengo usiku. Kupatsa n'kuika. Dziko la Sweden lidadula malire ake pamalo pomwepa: aliyense ali ndi ufulu woyenda m'nkhalango ya munthu wina, kuthyola zipatso zam'tchire ndi kuzula bowa, koma ufuluwo sufika pa kusaka nyama, zimene amaloleza ndi mwini malo. Kwa ine amenewa ndi malire anzeru, ndipo sali kutali ndi athu.

Mukaganiza zolola, lolani munthu, musalole gulu. Dzina lake lidziwike, ndipo amve kuti chilolezocho sachigawira mnzake. Nenani poyera chimene akusaka, pamene afike, miyezi yake ndi zida zimene alowe nazo. Mugwirizaniretu wolipira agalu ake akagwira nkhuku kapena akaononga dimba la mnansi. Mawuwa anenedwe pamaso pa nyakwawa kapena mboni ziwiri, ndipo pa esiteti kapena pa damu la kalabu alembedwe, ngakhale m'kope la sukulu. Chofunika koposa, muuzeni kuti chaka chamawa adzapemphenso. Chilolezo chosatha ntchito chimasanduka chizolowezi, chizolowezi n'kusanduka "muno bambo athu ankasakamo", ndipo pofika pamenepo kuletsa kumafuna bwalo la milandu. Wophwanya pangano pa zina mutha kumukhululukira. Wophwanya pa moto, kamodzi n'kokwanira.

Wolowa osapempha musamumenye, musamulumitse agalu, musamulande khasu n'kulisunga ngati chikole, chifukwa mlandu umatembenukira inu. Muoneni nkhope, mukanene kwa nyakwawa, ndipo ngati waba nsomba za m'damu kapena wayatsa moto, nkhaniyo ipite kupolisi. Zonsezi zikambidwe udzu usanaume, nthawi yomweyo imene mukulambula njira yotchinga moto kuzungulira mitengo yanu. Ndipo ngati malo anu agundana ndi nkhalango ya boma, pitani ku ofesi ya zankhalango pa boma la Dedza akakulozereni pamene malire adutsa, musanalole munthu aliyense kulowamo ndi galu.